Makalata opita kwa amfumu a Snoring

A Greyson Matewere ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, ndipo mwa oseka onsewo wapakamwa papakulu ndinali ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandiyese munthu wabwino pamene mukumva nkhaniyi.

Dzina langa ndine Bessie. Ndimagwira ntchito ya ulembi ku bungwe lina la mayiko ambiri ku Gigiri kuno ku Nairobi, ndipo ndinenso mlembi wa gulu la Amalawi okhala mumzinda uno. Udindowu sindinachite kuupempha ayi. Kungoti ukadziwa kutayipa, anthu amakusenzetsa chilichonse chokhala ndi pepala. Timakumana pa 6 Julaye, timakumana pa maliro, komanso Loweruka loyamba la mwezi uliwonse pa kaholo ka tchalitchi china ku Westlands. Amabwera ana a m'mayunivesite ndi njala zawo, amabwera mabwana a ku Runda ndi magalimoto awo ataliatali. Ndiye pankakhala a Matewere, khukhi, atavala jekete yawo imodzi yomweyo, atanyamula beseni la masikono otentha.

Kwawo n'ku Thekerani, ku Thyolo. Kuphika anaphunzirira m'khitchini ya mzungu wa pa esiteti ya tiyi, ndipo mzunguyo atasamutsidwira ku Kenya mu 1999 anati sangadye chakudya cha munthu wina. Basi a Matewere anakwera ndege ndi akazi awo ndi kamwana kawo ka miyezi isanu ndi itatu, dzina lake Eneles. Nyumba inali ku Spring Valley, ya mitengo ikuluikulu, agalu awiri ndi asikali pageti. Mzungu uja anakalamba n'kubwerera kwawo. Anabwera wina, anapita. Anabwera Ajeremani, anapita. Nyumba inkasintha eni koma a Matewere ankatsala ngati chitofu, wolowa aliyense ankawapeza m'khitchini n'kungopitiriza nawo. Zaka makumi awiri ndi zisanu mu Nairobi, koma Chiswahili chawo chinali cha pamsika basi, ndipo makondakitala a maminibasi, amene kuno amati matatu, ankangowatchula kuti Mzee Malawi, ndiye kuti Madala a ku Malawi.

Akazi awo anamwalira mu 2012. Anakawaika ku Thekerani n'kubwerera ndi mwana. Eneles anakulira m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mabwana, homuweki ankalembera pa tebulo losendera mbatatesi. Atamaliza sukulu anachita kosi yosamalira odwala. Mu 2022 kunamveka kuti ku Britain kukufunika anthu osamalira okalamba, ndipo kampani ina inamupezera viza. Tsiku lomuperekeza ku bwalo la ndege a Matewere anavala tayi. Ine ndinalipo. Sanalire, anangomuuza kuti, "Uzindiimbira Lamlungu, ndikaweruka ku tchalitchi."

Ndipo ankaimbadi. Lamlungu lililonse, 4 koloko masana, kafoni kawo kamabatani, kamene kuno amati kabambe, kankalira. Tsiku lina ndinali pomwepo, ndinapita kukatenga keke ya mphwanga, ndipo ndinamva zonse chifukwa a Matewere foni ankaiika pokweza ngati wayilesi.

"Adadi, tangoganizani kumene anditumiza sabata ino."

"Kuti mwanawe?"

"Ku Great Snoring."

"Wati chiyani?"

"Great Snoring, adadi. Mkonono Waukulu! Pafupi pomwepo palinso Little Snoring, Mkonono Waung'ono."

Madala anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti. Kenako anadzuka n'kukatenga buku la mamapu a misewu ya ku Britain, lachikuto chofiira, limene mzungu woyamba uja anasiya m'galaja. Anavala mandala, anafufuza kumapeto kwa bukulo kumene kuli mndandanda wa mayina, n'kulipeza dzinalo. Linalipodi. Analizunguliza ndi pensulo n'kulemba deti pambali pake.

Eneles anawafotokozera kuti ntchito yake inali yogonera m'nyumba za okalamba, sabata ziwiri pano, mwezi apo, ndiye ankayenda midzi yambiri. Mudzi uliwonse umene ankautchula unali ndi dzina loti munthu ugwire pakamwa. Pakutha pa chaka bukulo linadzaza ndi timizere ta pensulo, ndipo mayinawo a Matewere anawaloweza ngati katekisimu.

Apa m'pamene anasanduka wotiseketsa. Tikamaliza kudya pa kaholo paja, ana asukulu ankayamba kumenya matebulo. "Madala, mayina aja! Mayina aja!" Iwo ankayamba akana kaye, kenako n'kuimirira, kukonza jekete, n'kukweza chala.

"Nether Wallop! Giggleswick! Blubberhouses! Mudford Sock!"

Anthu gwa ndi phwete.

"Anthu amene anabwera kudzatiuza kuti Bvumbwe ndi dzina lovuta kutchula, eti kwawo kuli mudzi wotchedwa Crackpot, Mphika Wong'aluka. Kulinso Pity Me, Ndimvereni Chisoni. Inu munthu wamkulu, wa ndevu, akufunseni kwanu n'kuti, muyankhe kuti ndimvereni chisoni? Kuli Upper Slaughter ndi Lower Slaughter, Kophera Kwakumtunda ndi Kophera Kwakumunsi. Ndamuuza mwana kuti kumeneko azigona atavala nsapato."

Ankamalizira ndi kamsewu kena ka mumzinda wa York kotchedwa Whip-Ma-Whop-Ma-Gate. Ili ankalitchula akuomba m'manja ndi kuponda pansi ngati ali m'bwalo la tchopa, ndipo holo yonse inkawatsatira. Ngakhale mabwana a ku Runda, amene masiku onse ankawapatsa moni wa nsonga za zala, ankabwera kudzawagwira paphewa. Ndikuganiza kuti chaka chimenecho ndicho chokha chimene a Matewere anaoneka kuti ndi munthu pakati pathu, osati wobweretsa masikono chabe.

Lamlungu lachiwiri la mwezi wa Malichi 2024, foni sinalire. Lotsatira, zii. A Matewere anayesa kuimba, nambala yosapezeka. Anabwera ku ofesi kwathu, anaima pageti maola awiri chifukwa asikali sankawalola kulowa, mpaka ndinatuluka.

"Mayi Bessie, mwana wasowa."

Ndinachita zonse zimene munthu wodziwa kompyuta angachite. Ndinalembera kampani imene inamutenga, kalata inabwerera, ndipo foni yawo inali yotsekedwa. Ndinalembera maofesi onse oyenera kulemberedwa, a kuno, a kwathu ndi a kumeneko. Anayankha mwaulemu, anatenga dzina, anati akamva kanthu atiuza. Ndinaika chithunzi cha Eneles m'magulu a pa WhatsApp a Amalawi okhala kunja. Anthu anatumiza timanja topemphera tambirimbiri, koma wonena kuti ndamuona panalibe.

Ngati zimenezo zinali zochepa, mwezi wa Meyi mabwana awo anawauza kuti nyumba yagulitsidwa kwa anthu ofuna kumangapo mafulati, ndipo iwo akuchoka kumapeto kwa Novembala. Mapepala a a Matewere okhalira m'dziko muno ankayendera ntchitoyo. Munthu wa zaka 67, ndani akanamulemba ntchito ina? Zinali zoonekeratu kuti Novembala akatha akwera ndege ya ku Chileka. Anatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi yoti apeze mwana wawo ali pa malo amene mwanayo ankawadziwa.

Loweruka lina anafika kunyumba kwanga ku Ruaka pa boda, njinga yamoto ya kabaza, buku lofiira lija lili m'jumbo.

"Mayi Bessie, ndifunse. Kodi mlendo angagone m'mudzi amfumu osadziwa?"

"Kwathu ayi, bambo."

"Nanga kwawoko si anthu? Mudzi ndi mudzi. Kwathu mudzi umadziwika ndi dzina la mwini wake. Ndiye kuti ku Great Snoring kuli a Snoring aakulu, ku Little Snoring kuli ang'ono awo. Ife takhala tikugogoda m'maofesi, kusiya eni nthaka. Tinalakwitsa mwambo, n'chifukwa chake zatikanika."

"Bambo, kumeneko kulibe mafumu a m'midzi."

"Ndiye maliro akachitika amapereka manda ndani?"

Sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa bwinobwino. Ndinatsegula laputopu, iwo n'kumanena m'Chichewa, ine n'kumalemba m'Chingerezi. Ananena ataimirira, chipewa chili m'manja, ngati mfumuyo ili pampando wanga wa pabalaza.

"Zikomo amfumu. Ine Greyson Matewere wa ku Thekerani, m'boma la Thyolo, ndagwada pakhomo panu. Mwana wanga Eneles anagona m'mudzi mwanu mwezi wa Okotobala chaka cha 2022, akusamalira mmodzi wa anthu anu okalamba. Ndi wamfupi, ali ndi chipsera cha mafuta otentha pa dzanja lamanja, ndipo amaseka asanamalize kulankhula. Ndikupempha kuti mufunse kwa anthu anu kumene analowera. Ngati anakulakwirani, mlanduwo ndi wanga. Nkhuku sindingathe kutumiza, landirani tiyiyu."

Tiyiyo inali nkhani ina. Kwa mfumu supita chimanjamanja, ndipo a Matewere anakana kutumiza tiyi wa ku Kenya, ati mfumu ingaganize kuti akunamiza kwawo. Anadikira mwana wina wasukulu amene ankachokera ku Blantyre kuti awabweretsere timapaketi ta tiyi wa ku Thyolo. Kalata iliyonse inkapita ndi kapaketi kake, atakamata bwino ndi selotepi. Pa envulopu ndinkalemba monga anandiuzira: kwa amfumu a Snoring, kwa amfumu a Wallop, kwa amfumu a Giggleswick. Ankapita nazo okha ku positi ofesi ya ku Westlands, awiri kapena atatu pa mwezi, monga mmene thumba linkawalolera.

Tsopano ndinene chimene chimandidya. Kalata yoyamba ija ndinaiwerenga ku kantini ya kuntchito, pa nkhomaliro, pamaso pa Percy, Mmalawi mnzathu wa ku Runda, ndi anzake awiri. Ndinaiwerenga mosintha mawu, chipewa chongoyerekeza chili m'manja. Percy anatsamwa ndi mpunga. Kwa sabata yathunthu tikakumana pakhonde ankandigwadira n'kumati, "Zikomo amfumu a Snoring." Ine n'kumaseka. Mwana wa munthu atasowa, ine mayi wa ana atatu n'kumaseka! Mulungu andikhululukire, chifukwa ine ndekha sindinadzikhululukire.

Makalata anapita khumi ndi asanu ndi awiri. Ambiri anangolowa m'madzi. Awiri anabwerera osatsegulidwa, tiyi ali momwemo. Koma mwezi wa Ogasiti kunabwera yankho lochokera ku Great Snoring, ndipo a Matewere anandiimbira kuti ndibwere ndidzawawerengere bwinobwino, asaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Analemba anali mayi wina amene anati amasunga mabuku a komiti ya mudziwo. Wapositi, posowa kopereka, anamupatsa iyeyo. Anati m'mudzimo mulibe mfumu, koma kalatayo anaiwerenga kawiri, ndipo anafunsa ku tchalitchi ndi kwa anthu onse amene ali ndi okalamba m'nyumba. Mudziwo ndi waung'ono, anatero, moti mtsikana wa ku Africa akanakhalamo ngakhale masiku awiri aliyense akanamukumbukira. Palibe amene anamuona. Anapepesa, anathokoza tiyi, anati ndi wokoma ndipo amumwa ndi anzake atatha mapemphero.

Palibe amene anamuona? Koma a Matewere nkhope inawala.

"Mwaona? Amfumu atuma mlembi wawo. Ndinakuuzani kuti mwambo ndi mwambo."

"Bambo, akuti kulibe mfumu. Akutinso Eneles sanafikeko."

"Mlembi amayankha zimene wauzidwa. Nkhani ya mlendo saulula pa kalata yoyamba. Tilembenso."

Tinalembanso. Kunabwera mayankho ena awiri, lina la m'busa wa mudzi wina, lina la bambo wina wopuma pa ntchito amene anatumizanso chithunzi cha chikwangwani cha mudzi wawo. Onse ananena chimodzimodzi, mwaulemu: mtsikana wotereyu sitinamuone.

Chimene chinandimasulira zonse chinabwera mwezi wa Okotobala. Ndinali pamalo oimika magalimoto kuntchito, masana, foni yanga inalira ndi nambala ya ku Britain. Anali mtsikana wina, anati dzina lake ndi Atusaye, kwawo ku Karonga. Chithunzi chija chinamupeza mochedwa, kudzera m'gulu la tchalitchi.

"Anti, Eneles ndinkagona naye chipinda chimodzi."

"Kuti? Mudzi uti?"

"Mudzi? Ku Birmingham, anti, mumzinda. Tinali akazi anayi m'chipinda chimodzi, pamwamba pa shopu ya matayala. Eneles sanatulukepo mu Birmingham chifikireni."

Ndinatsamira galimoto ya munthu wina, alamu n'kuyamba kulira, ine osasuntha.

Atusaye anafotokoza zonse. Kampani ija inawalonjeza ntchito ya sabata yathunthu, koma inkawapatsa maola owerengeka, nthawi zina osawapatsa n'komwe. Ankadzuka kusanache, mabasi awiri, kukasambitsa munthu mmodzi kwa theka la ola, n'kubwerera. Masiku ena ankadya buledi ndi madzi otentha. Ukadandaula ankakuopseza kuti akuchotsera viza.

"Nanga midzi ija ankauza bambo ake?"

"Ankaifufuza pa foni, anti. Lamlungu m'mawa ankakhala pabedi n'kumafufuza mayina oseketsa, n'kumatifunsa kuti loseketsa kwambiri ndi liti. Kenako ankasamba kumaso, n'kupita pa masitepe kukaimba. Ankati, adadi akaseka ndimadziwa kuti sabata ino agona tulo. Akamaliza ankabwera n'kudzifunditsa bulangete kumutu."

Mwezi wa Januwale boma la kumeneko linalanda kampaniyo chiphaso, ndipo onse analandira makalata oti apeze wowalemba ntchito wina m'masiku makumi asanu ndi limodzi, apo ayi achoke m'dzikomo. Atusaye anapeza. Eneles sanapeze. M'mawa wina ananyamula chikwama, anasiya simu khadi yake pawindo, n'kunena kuti pali mayi wina wamulonjeza ntchito yobisala kwinakwake kumpoto. Sanatchule malo. Anati bambo ake awaimbira akakhala ndi chabwino chowauza.

"Kuyambira pamenepo, anti, sitinamvenso."

Nkhaniyi ndinayenda nayo masiku asanu ndi anayi. Ndinakalipira ana anga popanda chifukwa, ndinatukwana kondakitala wa matatu m'Chichewa mpaka anthu kutembenuka. Ndinkati ndiwauze, ndisawauze? Amuna anga anati ndisiye madala apite kwawo ndi chiyembekezo chawo. Koma ndinkawaona m'maganizo akukwera matatu ndi maenvulopu, akumata tiyi, akugwadira anthu amene kulibe. Mwana ndi wawo, osati wanga. Ndinalibe ufulu wosunga choonadi chake m'chikwama mwanga ngati lisiti ya ku shopu.

Ndinapita Loweruka masana. Pabwalo panali kale makatoni a mabwana, ndipo mitengo ina anali ataipaka penti yofiira kuti idulidwe. A Matewere ndinawapeza m'khitchini akukanda ufa wa masikono, buku lofiira lili lotsegula pa filiji.

"Mwabwera bwino mayi. Lero tilembere amfumu a Barton in the Beans. Barton wa m'Nyemba. Kumeneko anakhalako mwezi wathunthu, sangamuiwale."

"Bambo, takhalani pansi."

"Ufa uuma."

"Usiyeni uume. Khalani pansi."

Anakhala pa kampando, manja oyera ndi ufa ali pamaondo. Ndinawauza zonse, osasiya kanthu: chipinda cha akazi anayi, buledi ndi madzi, masitepe, bulangete, simu khadi ya pawindo. Sanandidule mawu.

"Ndiye kuti ku Giggleswick sanapiteko."

"Sanapiteko, bambo."

"Ku Pity Me?"

"Konse kuja sanapiteko."

Anayang'ana manja awo.

"Mwezi wa Disembala mawu ake ankamveka ngati wachimfine. Ndinamufunsa, anati n'kuzizira kwa ku Blubberhouses. Ine kumva dzinalo ndinaseka, osafunsanso." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwana akulira, ine ndikuseka. Chaka ndi theka, mayi Bessie. Ndipo sindinaseke ndekha, ndinapita nazo ku holo kuti anthu onse andithandize kuseka."

Ndinafuna kunena kuti si mlandu wawo, kuti mwanayo ankachita zimenezo chifukwa chowakonda. Ndinanenadi, koma mawu anga ankamveka ngati a pa wayilesi. Iwo anadzuka, anatseka buku lija n'kuliika m'kabati ya mapoto, kenako n'kubwerera ku ufa wawo. Anati mabwana ali ndi alendo 5 koloko.

Loweruka loyamba la Novembala gulu linawakonzera mwambo wotsanzikana. Sindinauze munthu aliyense za Atusaye, chifukwa iwo anandiletsa. Anati manyazi a mwana wawo asayende m'mafoni a anthu. Ndiye anthu ankangodziwa kuti Eneles sakumveka, ndipo ambiri anali ataiwala kale. Tinapemphera, tinadya, apampando analankhula mawu aatali n'kuwapatsa sutikesi yatsopano. Kenako Percy, mxii, Percy yemwe uja, anayamba kumenya tebulo.

"Madala, kotsiriza! Mayina aja!"

Ana asukulu anamutsatira. Ine ndinadzuka kuti ndimutseke pakamwa, ndipo ndikanamutseka ndi mbale. Koma a Matewere anandiyang'ana n'kundikodola kuti ndikhale. Anaimirira, anakonza jekete. Chala sanakweze.

Anawatchula onse, motsatana monga mmene Eneles anawauzira, kuyambira Lamlungu loyamba mpaka lotsiriza. Sanatanthauzire ndi limodzi lomwe, sanaombe m'manja. Great Snoring. Nether Wallop. Mudford Sock. Crackpot. Upper Slaughter. Anthu ankaseka chimodzimodzi, mwina kuposa kale, chifukwa ankayesa kuti nkhope youmayo ndi luso latsopano. Mtsikana wina ankajambula pa foni. Ine ndinkawerenga mumtima, ndipo dzina lililonse linali Lamlungu limodzi limene mwana uja anasamba kumaso n'kupita pa masitepe. Anafika makumi atatu ndi anayi. Atamaliza anati zikomo, n'kukhala pansi, n'kupempha madzi akumwa.

Ku bwalo la ndege tinawaperekeza anthu atatu. Tayi sanavale. Atatsala pang'ono kulowa anandikokera pambali n'kutulutsa kabambe kaja pamodzi ndi tchaja yake yomangidwa ndi labala.

"Nambala imene mwana uja anailoweza pamtima ndi iyi. Ndikapita nayo ku Thekerani ifa. Muisunge inuyo, izikhala ndi moto. Lamlungu 4 koloko muzikhala nayo pafupi."

"Akaimba ndimuuze chiyani, bambo?"

"Mumuuze kuti asadikire chabwino. Anene choipacho, ndimva."

Buku lofiira lija sanalitenge. Ndikuganiza kuti linapita ndi zinyalala pamene ankagwetsa nyumba. Pamalopo pano akumangapo chinyumba cha nsanjika khumi ndi ziwiri, ndipo ndikadutsa pa Lower Kabete Road sindithanso kuloza pamene panali khitchini.

Kafoni kaja kali pamwamba pa filiji yanga. Ndimakatchaja Lachitatu ndi Loweruka, ndimaikamo mayunitsi kuti nambala isatsekedwe, ndipo ana anga akudziwa kuti wokagwira aona zakuda. Papita chaka tsopano. Kalira kanayi: kawiri anali otsatsa inshuwalansi, kamodzi munthu wolakwitsa nambala, kamodzi mayi wina wa ku Muthaiga wofuna kuoda masikono. Lamlungu sindipita kulikonse masana. Maukwati ndimachokako msanga, ndipo anthu ayamba kunena kuti Bessie wayamba matama.

Ikakwana 5 koloko, foni yanga imalira kamodzi n'kuduka. Ndi a Matewere, amandifulasha pa foni ya mphwawo ku Thekerani. Ndimawaimbira. Sitichulutsa moni.

"Yalira?"

"Sinalire, bambo."

"Chabwino. Muitchaje."